Fungo la Khola la Kwathu

St. Paul, 11 Febuluwale 1996

Achimwene Arlen,

Ndikhulupirira muli bwino kufamuko, ndipo chisanu sichinakuphulitsireni mapaipi ngati chaka chatha. Foni yanu imangolira osayankhidwa, nchifukwa chake ndalemba kalata.

Ine ndilipo, koma nkhani yabwino ndilibe. Galu wanga Otis wandisiya Lachiwiri. Anayamba kutsimphina mwendo wakumbuyo nthawi ya Khirisimasi, ine nkumati waterereka panjira. Atamujambula anapeza khansa m'fupa, itafika kale mpaka m'mapapo. Zaka zisanu ndi chimodzi zokha, achimwene. Ndikudziwa kuti agalu a mtundu wa flat-coat amatha chonchi, amayi anatiuza tili ana kuti agalu akudawa sakhalitsa, koma kudziwako sikunandithandize kanthu. Pa tebulo la dokotala anali akugwedezabe mchira, chipewa changa chili kukamwa.

M'nyumba muno mwangoti zii. Ndikufuna kagalu kena, ndipo sindikufuna ka kwina, ndikufuna ka magazi a Inga, mayi wake wa Otis. Ndikudziwa kuti amayi anamupumitsa kuswa asanadwale, koma mwana wake wamkazi uja munasunga alibe bere chaka chino? Mundilembe pamndandanda ngati wina aliyense. Mukafuna kundifunsa mafunso aja amayi ankazunza nawo ogula, za mpanda, za nthawi imene ndimaweruka, ndiyankha onse.

Anzanga atatu a kusitolo ya mankhwala amene ndinakutumizirani aja anatenga tiagalu tawo. Kuno ndikangoti ndine mwana wa Verna Lindqvist, anthu odziwa agalu amandipatsa mpando. Mwachita bwino kusunga dzina la amayi.

Mundiuze za kumudzi. Mumusisite Inga kumakutu m'malo mwanga.

Mlongo wanu,
Noreen


Bemidji, 3 Malichi 1996

Noreen mwana wanga,

Uli bwanji? Ukhululuke zilembo zokhotakhotazi, dzanja lamanja likukanabe chichitikire sitiroko ija, ndiye ndikulemba ndi lamanzere. Kuno kunyumba ya okalamba tikudya, tikugona. Mayi wa chipinda choyandikana nane amakweza wailesi ya kanema ngati ndi wogontha, ndipo ndi wogonthadi.

Ndamva za Otis. Ndinalira. Anabadwira m'manja mwanga ameneyo, wachisanu pa ana asanu ndi awiri, wadyera kuyambira tsiku loyamba.

Usathamangire kutenga kagalu. Kulikonse ungapite, uone mayi wake ndi maso ako. Ununkhize pamene amagona. Ufunse kuti agogo ake anafa ndi chiyani, ali ndi zaka zingati. Woweta akakuuza kuti agalu ake safa ndi khansa, ameneyo ndi wabodza, utenge chikwama chako uzipita.

Ndakhala ndikumuuza Arlen kuti abwere ndi Inga ndidzamuone, kuno amalola. Akuti amasanza m'galimoto. Inga? Galu amene ndinayenda naye mpaka ku Manitoba kokatola abakha m'madzi, osasanza ngakhale kamodzi? Ukamulembera umufunse.

Nanga iwe ubwera liti? Pa Pasaka?

Ndine mayi ako,
Verna


Kufamu, 2 Epulo 1996

Mlongo wanga wa m'tauni,

Moni. Kalata yako ndaipeza dzulo pansi pa mpando wa galimoto, yanyowa, koma ndawerenga. Pepa za Otis. Agalu amafa, Noreen, ngakhale a ku St. Paul ogona pa sofa.

Kagalu ukufunako si nkhani. Tilipo. Kakuda, kofiirira, kakamuna, kakakazi, ungonena. Mndandanda wa chiyaninso, ndiwe mlendo? Koma usavutike kubwera kuno. Chipale chofewa chasungunuka, msewu wathu ndi phala lokhalokha, kagalimoto kako kaja kangamire mpaka denga. Tikumane ku Brainerd pamalo omwetsera mafuta, ndikupatsire pomwepo, aliyense abwerere kwawo kukadali kowala. Anzako aja ndinachita nawo chimodzimodzi, palibe anadandaula.

Inga ali bwino, wanenepa ngati nkhumba, kutacha kugona pafupi ndi mbaula. Amayi usawamvere kwambiri, masiku ano amadandaula chilichonse. Mlungu watha akuti anesi akuwabera masokosi.

Undiuze tsiku. Ubwere ndi buledi wa njere uja wa kwanuko, kuno timangodya wa m'pulasitiki.

Mchimwene wako,
Arlen


St. Paul, 9 Epulo 1996

Achimwene,

Zikomo poyankha, ngakhale patapita milungu isanu ndi iwiri. Ndili bwino, kaya inu.

Zokumana pamalo omwetsera mafuta sindikuzimvetsa. Amayi sanaperekepo kagalu pamsewu ngati matumba a mbatata. Munthu ankabwera kunyumba kawiri, nkukhala pansi pakati pa agalu, amayi akumuyang'ana mmene akuwagwirira. Ndikufuna kuona mayi wa kagaluko, ndi mapepala osonyeza kuti anamujambula mafupa a m'chiuno ndi kumuyeza maso. Sikuti ndikukukayikirani. Ndi mmene tinaleredwera tonse awiri.

Koma ndaganiza kwambiri, ndipo ndikuona ngati ndadziwa chifukwa chake simukufuna ndifike pakhomo. Mukadali okwiya kuti pamene amayi ankasamutsidwa ndinakusiyirani zonse, kunyamula, kugulitsa ng'ombe, agalu. Mukunena zoona, ndinalakwa. Zaka zitatu ndabwera kawiri kokha, ndipo kawiri konseko ndinathera kwa amayi ku Bemidji osafika kufamu. Ngati ndi zimenezo, nenani, ndipepese pamaso panu. Musandilange ndi kagalu.

Msewu ukauma ndibwere? Ndikudikira yankho.

Mlongo wanu,
Noreen


St. Paul, 23 Juni 1996

Achimwene,

Miyezi iwiri yadutsa muli chete. Ndikhulupirira simukudwala. Ndinaona kuti mkwiyo wanu sunathe, ndiye ndinayamba kufunsa kwina. Ndikulemba chifukwa dzulo munthu watitukwana, inu ndi ine ndi amayi.

Anandilozera kwa Mayi Dolores Wendt, pafupi ndi Eau Claire ku Wisconsin. Aweta ma flat-coat zaka zoposa makumi awiri. Nditafika ndinamva ngati ndalowa m'khitchini mwa amayi. Agalu anayi anandithamangira, wina ndi nsapato kukamwa, wina ndi supuni, michira ikumenya makabati. Mayiwo anandifunsa mafunso maola awiri. Kenako anatulutsa kope limene analembamo galu aliyense anabadwira pakhomo pawo, ali kwa yani, anafa liti, ndi chiyani. Sanabise, khansa inali pafupifupi tsamba lililonse. Ndinati apa ndafika.

Titayamba kulemba pepala la mgwirizano anati, "Dzina la bambo?"

"Lindqvist."

"Lindqvist wa kuti?"

"Wa ku Bemidji. Verna ndi mayi anga."

Ndinadikira kuti amwetulire. Anangoika cholembera pansi.

"Verna ndimamudziwa, tinkakumana kumipikisano. Amene akugulitsa agalu pa dzina lake panopa ndani?"

"Achimwene anga."

"Ndiye pepani mayi, kagalu kanga simutenga."

Ndinayesa nthabwala. Iwo anadzuka nkubwera ndi envulopu yodzaza ndi timapepala todula m'nyuzipepala, ta ku Duluth, ta ku Fargo, ta ku Minneapolis. Tonse tikuti tiagalu tilipo, bwerani lero. Mwezi ndi mwezi, zaka ziwiri, ndipo nambala ya foni ndi ya kwathu ija.

"Mayi anu ankaswetsa kamodzi pachaka, chaka china osaswetsa nkomwe," anatero. "Tiagalu tonseti tikuchokera kuti?"

Kenako anaitana pansi pa tebulo, "Pearl, tuluka mama." Munatuluka galu wamkazi amene sindinamuone nthawi yonseyo, akukwawa ndi mimba. Mano akutsogolo anatha, akuti chifukwa chotafuna waya. Akuti anamugula pamsika umene amagulitsirako agalu otopa kuswa, ndipo mapepala ake ali ndi dzina la amayi.

"Kagalu kakakazi sindingakapereke kubanja limene mawa kangakapezeke m'manja mwa munthu ameneyo," anatero.

Ndinawauza kuti ndi nsanje, kuti mchimwene wanga anakulira m'khola la agalu, kuti adzandipepesa. Ndinamenyetsa chitseko chawo.

Achimwene, pali wina akugwiritsa ntchito dzina lathu. Mwina munagulitsa galu kwa munthu wolakwika? Nanga nambala ya foni ija? Mundifotokozere msanga, ndiwalembere mayi amenewa kalata imene sadzaiwala.

Mlongo wanu,
Noreen


Kufamu, 29 Juni 1996

Noreen,

Moni. Unakatani kwa nkhalamba imeneyo? Azimayi a mipikisano aja onse ndi amodzi, amapsopsona agalu pakamwa nkumadana ndi anthu. Akuona kuti ogula akubwera kwa ine ndiye zikuwawawa. Usawalembere kanthu, uwasiye auwe.

Mwezi wa mawa usabwere, ndikupopera mankhwala a makoswe nyumba yonse. Ndakusungira kakakazi kokongola. Brainerd, Loweruka lililonse ungafune.

Arlen


St. Paul, 14 Julayi 1996

Arlen,

Sindikufunsa ngati uli bwino, ndipo sindikutchulanso achimwene. Wapeza loko wa khola ali pansi, ndiye wadziwa kale kuti kunabwera munthu. Ndinali ine.

Kalata yanga yopepesa unakhala nayo miyezi iwiri osayankha. Yonena za Mayi Wendt unayankha m'masiku asanu ndi limodzi. Zimenezo ndi zimene zinandikweza m'galimoto dzulo.

Ndinafika cha m'ma teni m'mawa. Msewu unali wouma gwa. Galimoto yako kunalibe, koma pabwalo panali boti latsopano lonyezimira. M'nyumba munalibe fungo la mankhwala a makoswe. Pafupi ndi mbaula panalibe galu, panalibe mbale, panalibe ngakhale ubweya umodzi pansi. Ndili chiimire ndinamva kuuwa kuchokera kukhola lakale la ng'ombe, mawu osasa ngati a agalu amene auwa chaka chonse. Mawindo unawakhomera matabwa. Kiyi ndinamupeza pamwamba pa chitseko pamene bambo ankamusiya.

Nditatsegula, fungo linandimenya m'maso ndisanalimve m'mphuno. Misozi inangoyamba kutuluka yokha. Mkodzo, manyi, ndi china chowola, zonse zitaphikidwa ndi kutentha kwa Julayi. Ntchentche zinandilowa m'kamwa.

Timakola ta waya tosanjikiza titatu titatu, Arlen. Pansi pake waya, kuti usavutike kusesa. Wapamwamba akadzithandiza zimagwera wapakati, za wapakati zimagwera wapansi. Madzi akumwa obiriwira. M'mbale za chakudya mphutsi zikuyenda. Pafupi ndi matumba a chakudya panali ndowa, ndinayesa ndi ya madzi, nditasuzumira munali tiagalu takufa, sindinawerenge kuti tingati. Ndinasanza pomwepo, pansapato zanga.

Agalu akuluakulu ndinawawerenga, makumi anayi ndi mmodzi. Ndipo ukudziwa chimene anachita atandiona? Anagwedeza michira. Onse. Michira yomatidwa ndi manyi ikumenya waya, ena akufunafuna choti anyamule kukamwa adzandipatse, wina anatola chidutswa cha mbale yosweka. Ukanakhala kuti unawasandutsa olusa mwina ndikanapirira.

Inga ndinamupeza pakona, m'kakhola kapansi penipeni. Ndinamudutsa kawiri osamuzindikira. Wanenepa ngati nkhumba, unatero. Nthiti zake ndinaziwerenga ndi maso. Ubweya uja amayi ankaupesa tsiku ndi tsiku unaumbika zigamba zolimba ngati makungwa. Zikhadabo zinapindika mpaka kulowa m'mapazi. Bere limodzi linatupa ngati chibakera nkuphulika, mafinya akutsika, ndipo tiana tisanu tikuyamwa pomwepo. Galu wa zaka khumi, amene amayi anati atsekedwe ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kakakazi kokongola unandisungira kaja ndi kamodzi mwa timeneti?

Ndinati, "Inga." Sanadzutse mutu. Ndinaimba kakhweru kamene amayi ankamuitanira. Khutu limodzi linagwedezeka, kenako anayesa kuimirira, koma kakholako nkakafupi, msana unagunda waya.

Ndinamunyamula ndi ana ake. Sindinalowere kuno, ndinayamba ndaima kupolisi ku Bemidji. Ndinawauza zonse ndipo ndinasaina dzina langa lonse. Wapolisi anatuluka kudzaona m'galimoto, anangoti suzu nkubwerera m'mbuyo atagwira pakamwa. Maola anayi ndinayendetsa mawindo onse ali otsegula.

Dokotala wa ziweto kuno atameta zigamba zija anapeza mphutsi pakhungu, kumchira. Ndi yemwe uja ankasamala Otis, amandidziwa. Anandifunsa osandiyang'ana, "Galu ameneyu wachokera kuti?"

Ndinati, "Kwathu."

Ndasamba katatu. Zovala ndataya. Fungo likadali m'tsitsi.

Noreen


Kufamu, 19 Julayi 1996

Noreen,

Wasangalala tsopano? Anabwera Lachiwiri, magalimoto asanu, apolisi ndi azimayi ovala zotseka kukamwa. Atenga agalu onse. Anthu a m'mafamu oyandikana anaima pamsewu kuonerera ngati kuli mpira. Dzulo ndalowa musitolo, aliyense anangoti chete. Akuti ndikaonekere kukhothi mwezi wa mawa. Mlongo wanga weniweni, kulowa ngati mbala nkukandinenera osandifunsa ngakhale liwu limodzi.

Khola linali lakuda, inde. Wandipeza mlungu woipa, ndinali ndekha, kunatentha. Iwe unagwirapo fosholo liti? Ukuganiza kuti amayi akukhala pamalo aukhondo aja chifukwa cha chiyani, makhadi ako a Khirisimasi? Anzako atatu unanditumizira ndiwe. Unafunsapo kuti tiagalu tikuchokera kuti nthawi iliyonse ukafuna? Sunafunse. Unkakonda kutchedwa mwana wa Verna Lindqvist, basi.

Ndipo usanadziyeretse kwambiri, tamva izi. Agalu onse aja ali pa dzina la amayi. Bungwe lolemba agalu m'kaundula silikanalandira kagalu ngakhale kamodzi popanda siginecha yawo. Ukuganiza kuti ndinkaba dzanja lawo? Ndinkawapititsira mapepala Lamlungu, iwo nkusaina, ali ndi magalasi kumaso. Pita ukawafunse mayi ako oyera aja. Ukawapha ndi nkhani imeneyi, maliro ukonze wekha.

Usadzandilemberenso.

Arlen


St. Paul, 23 Julayi 1996

Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ndikudziwa kuti nyuzipepala imafika kumeneko, ndiye za kufamu mwamva. Amene anakanena kupolisi ndine. Inga ali kuno ndi ine, ali moyo.

Ndikanakonda kukufunsani pamaso, koma ndikuopa nkhope yanga. Arlen akuti mapepala a tiagalu tonse munkasaina ndinu. Ndikuganiza kuti ankakunamizani, kapena ankaphimba pamwamba nkukuonetsani pongosaina pokha. Ngati ndi choncho ndiuzeni, ndikauze apolisi.

Chonde yankhani nokha, musauze nesi kuti akulembereni.

Mwana wanu,
Noreen


Bemidji, 1 Ogasiti 1996

Noreen,

Kalata iyi yanditengera masiku anayi. Uwerenge yonse.

Sanaphimbe kanthu. Ndinasaina ndikuona.

Chaka choyamba anabwera ndi mapepala katatu. Ndinati wachulutsa, koma mwana akuphunzira. Chaka chachiwiri ndinasiya kuwerenga. Mayina a agalu ena sindinkawadziwa nkomwe. Dzina la Inga ndinaliona kanayi.

Nditaliona koyamba ndinati, "Arlen, Inga ndinati atsekedwe."

Anati, "Kamodzi kokha aka, amayi, ali ndi mphamvu."

Kachiwiri ndinakana kusaina. Sanakalipe. Anapinda mapepala ake bwinobwino nkunena kuti, "Chabwino amayi, ngati simundikhulupirira." Sanabwere milungu isanu ndi iwiri.

Iwe sudziwa Lamlungu la kuno. Tikatha kudya masana amatipesa tsitsi, kutiveka majuzi abwino, nkutikankhira pafupi ndi khomo lalikulu. Timakhala pamzere. Chitseko chikatseguka mitu yonse imatembenuka. Ena amatengedwa, ena timatsala mpaka nesi anene kuti tiyeni, mwina mlungu wa mawa. Ndinakhala pamzere umenewo kasanu ndi kawiri. Tsiku limene anabweranso ndinasaina asanavule jekete.

Fungo ndinkalimva, Noreen. Linali m'malaya ake, m'manja mwake, pamapepala pomwe. Ndaweta agalu zaka makumi atatu, ndimadziwa fungo la khola losasesedwa. Ankandipsopsona pachipumi, ine ndikugwira mpweya, kenako nkumufunsa ngati abwerenso Lamlungu.

Pamene ndinakulembera kuti umufunse za Inga, sikuti sindinkadziwa. Ndinkafuna upite ukaone wekha, unene ndiwe, ine ndikhale ngati sindinadziwe kanthu. M'kalata yomweyo ndinakuphunzitsa kuzindikira woweta wabodza.

Usandimvere chisoni, sindikupempha zimenezo. Dzulo ndinaitanitsa wapolisi, anabwera, ndamuuza zimene ndakuuza iwezi. Anafuna kulemba kuti ndinali wosokonezeka mutu. Ndinati alembe kuti mutu unali bwino. Ndalemberanso a kaundula kuti afufute dzina langa.

Inga akudya? Bere limene wapolisi wanena lija ndi chotupa cha khansa? Undiuze zoona, usandinyengerere.

Verna


St. Paul, 8 Ogasiti 1996

Amayi,

Kalata yanu ndinaiwerenga ndili chiimire pakhomo, kenako ndinaiika m'kabati masiku atatu chifukwa sindinkafuna kuiona.

Mwafunsa zoona. Ndi chotupa. Achotsa mawere atatu, koma dokotala akuti chinalowa kale mkati. Mwina miyezi inayi, mwina afika Khirisimasi. Akudya, koma pokhapokha ndikamupatsa m'manja. Udzu amauopa, amaima pasimenti nkumauyang'ana. Dzana anatenga sokosi langa pansi nkuyenda nalo mpaka kukhitchini, nditamuyang'ana analavula nkubisala.

Tiana tiwiri tinafa. Titatu totsala anadzatenga Mayi Wendt, amene ndinawamenyetsera chitseko aja. Anayenda okha ulendo wonse atamva nkhani, ndi matawulo akale ndi mabotolo a mkaka. Ndinayamba kupepesa, iwo anati, "Gwirani chitseko, manja anga adzaza." Agalu a kufamu aja, asanu ndi mmodzi anawabaya jakisoni wogoneka, sakanachira. Ena onse akugawidwa kwa anthu.

Ndinapitanso kwa anzanga atatu aja, khomo ndi khomo. Awiri anandimvetsera. Wachitatu, Joyce, galu wake ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi iwiri ndipo sangakwere masitepe, mafupa a m'chiuno ndi ophwanyika chibadwire. Mwana wake wamkazi amamunyamula. Joyce anandifunsa kuti, "Iwe unali utapitako liti kufamuko pamene unkatiuza kuti kulibe kwina kwabwino?" Mzere wa pakhomo uja, amayi, inenso ndinakusiyanipo, ndipo ine ndinalibe ngakhale pepala lobwera nalo.

Sindinakukhululukireni. Ndikamatsuka bala la Inga m'mawa ndimaona dzanja lanu lamanzere likulemba dzina. Sindikudziwa kuti zidzatha liti, kapena ngati zidzatha.

Lamlungu ndibwera, cha m'ma thu koloko. Muwauze anesi asakupeseni tsitsi, asakukankhireni pakhomo. Mundidikire m'chipinda mwanu, chitseko titseke. Zimene ndikufuna kukuuzani si zoti amve anzanu a pamzere.

Noreen